Makina a CPAP: tulo ndinatipeza, nanga chiwindi chinamva?

CPAP ndi makina othandiza kupuma amene anthu obanika kutulo amagona nawo. Mnyamata amene anandigulitsa makinawa ku Johannesburg atamva kuti ndili ndi mafuta m'chiwindi, anagogoda katoni ndi chala n'kunena kuti ndikangoyamba kugona nawo, chiwindi chiyera chokha. Ndinatulutsa ndalama ndikumwetulira. Papita chaka ndi miyezi iwiri. Pa nkhani ya tulo, sindinagulepo chinthu chaphindu chotere chiyambire kugwira ndalama yangayanga. Pa nkhani ya chiwindi, mnyamata uja anakokomeza, ndipo n'zimene zandikhalitsa pansi kuti ndilembe, popeza ndikudziwa kuti pali ena amene auzidwa zomwezo.

Ndili ndi zaka 48, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndimagulitsa masipeyala a galimoto. Nthawi imene ndikunenayi sikelo inkati makilogalamu 108, ndipo anthu kumudzi akandiona ankati zinthu zikuyenda. Mkonono wanga unali wodziwika mpaka kwa aneba. Pa maliro, amuna tikagona panja mozungulira moto, m'mawa ndinkadzuka ndili ndekha, anzanga onse atasamukira kuseri kwa nyumba. Tinkaseka. Amene anasiya kuseka ndi mayi akunyumba. Tsiku lina ndikumwa tiyi anati, "Bambo, mkonono ndinauzolowera kalekale. Chimene chikundiopsa ndi pamene mwaleka. Mumangoti zii, chifuwa chikudumpha koma osapuma, mpaka ndimakugwedezani." Ndinakana. Usiku wotsatira anandijambula pa foni. Ndinaonera kamodzi kokha, sindinafunenso kubwereza.

Komabe chimene chinanditengera kuchipatala si mkonono. Ndinapita kukayezetsa BP pa chipatala china cholipira mumzinda muno, adokotala anati tiyezenso magazi, ndipo nambala ina ya chiwindi yotchedwa ALT inapezeka yokwera. Adokotalawo, mayi wodekha kwambiri, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Bambo, pa sabata mumamwa mabotolo angati?" Ine mkulu wa mpingo, mowa sindinaulawepo kuchokera pamene ndinakwatira. Zinandiwawa. Anayamba ayeza kaye hepatitis B ndi C, akuti kwathu kuno munthu sungalankhule za chiwindi usanayeze zimenezo chifukwa hepatitis B ndi yofala, ndipo zonse zinatuluka bwino. Atandijambula pamimba, chiwindi chinaoneka choyererako kuposa impso, chomwe ndi chizindikiro cha mafuta. Pa pepala analemba NAFLD. Dokotala wina patsogolo pake analemba MASLD, ine n'kumaganiza kuti nthenda zawonjezereka, osadziwa kuti ndi imodzi yomweyo, anangoisintha dzina mu 2023. Amaitchula choncho mafuta akapitirira magawo 5 pa 100 alionse a chiwindi mwa munthu amene si chidakwa.

Kenako adokotala oyamba aja anachita chinthu chodabwitsa. Anatenga tepi ngati ya atelala n'kundiyeza khosi. Masentimita 44. Anati khosi likapitirira 40 amayamba kufunsa za tulo. Anafunsa ngati ndimasinza masana. Ndinati pang'ono. Zoona zake n'zoti ndinkasinza pa kauntala kasitomala akuwerenga ndalama, ndinkasinza ulaliki uli m'kati ndili pa benchi ya akulu kutsogolo, ndipo kamodzi pa msewu wa M1 chakufupi ndi Mponela ndinadzidzimuka matayala a kumanzere ali kale m'miyala. Zimenezi sindinauzepo munthu mpaka tsiku limenelo.

Kuyezetsa tulo ndinakachitira ku Johannesburg pa ulendo wokatenga katundu, ndikugona kwa achimwene. Anandipatsa kachipangizo kokagona nako kunyumba: lamba pachifuwa, timachubu pamphuno, ndi kena kopana chala. Zotsatira zimabwera ndi nambala imene amati AHI, kutanthauza kuti pa ola limodzi la tulo mpweya wako umaima kapena kuchepa kwambiri kangati, kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Kuyambira 5 mpaka 15 ndi vuto lochepa, 15 mpaka 30 ndi lapakati, kupitirira 30 ndi lalikulu. Yanga inali 43. Okosijeni m'magazi, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala 95 kupita m'mwamba, ankatsika mpaka 78.

Apa ndi pamene tulo ndi chiwindi zimakumana, ndipo ndifotokoza monga ndinamvera ine wogulitsa masipeyala. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafooka. Kwa ena a ife lilime ndi kamnofu kofewa ka kumapeto kwa m'kamwa zimagwera kumbuyo n'kutseka njira. Chifuwa chimakoka, palibe cholowa. Ubongo ukaona kuti mpweya watsika umakudzutsa pang'ono chabe, umabanika, umapuma, umagonanso osadziwa kuti unadzuka. Kudzuka kulikonse koteroko thupi limatulutsa adrenaline ngati wakumana ndi achifwamba panjira. Ndiye tangoganizani kukumana ndi achifwamba ka 43 pa ola, usiku ulionse, kwa zaka khumi. BP imakwera. Thupi limayamba kusamvera insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi. Mafuta amene anasungidwa pamimba amasungunukira m'magazi, ndipo kothera kwake ndi kuchiwindi. Chiwindicho, posowa mpweya, kuupeza, kuusowanso, chimawonjezera kupanga mafuta akeake, maselo ake amavulala n'kutupa, ndipo povulala pamabwera zipsera. Zipsera zikachuluka ndiye chiwindi chimauma, nthenda ija ambiri timaganiza kuti ndi ya akachasu okha. Aliyense amene anayendetsapo galimoto ya air filter yotsekeka akudziwa chimene chimachitika: injini imadya mafuta ambiri, imafuka utsi wakuda, ma plug amada. Kunenepa kumabweretsa mavuto awiri onsewa, zimenezo n'zoona, koma ofufuza anapezanso kuti pakati pa anthu onenepa mofanana, amene mpweya wawo umatsika kwambiri usiku ndi amene ziwindi zawo zimakhala zowonongeka kwambiri.

Ndiye mukuona chifukwa chake mawu a mnyamata uja anandilowa mosavuta. Ngati kubanika kukuwononga chiwindi, kuchotsa kubanika kuyenera kuchikonza. Ndani angatsutse?

Tsopano za makinawo. Dzina la kampani sinditchula, sanandilipire kuti ndiwatsatse malonda, komanso amene ndaona kwa anzanga awiri amagwira ntchito mofanana. Ndi kabokosi kolingana ndi buledi, kali ndi kathanki ka madzi onyowetsa mpweya, payipi yotalika pafupifupi mamita awiri, ndi masiki. Si makina a okosijeni ngati a kuchipatala aja, ambiri amasokoneza. Amangotenga mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuukankha pang'ono kuti khosi lisatsekeke, ngati mmene mpweya umaimikira chubu cha njinga. Nzeru imeneyi anaitulukira dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, ndipo anailengeza mu 1981. Anga ndi a mtundu wa auto, amene amadzikweza ndi kudzitsitsa okha akamva kuti khosi layamba kutseka. Mphamvu yake imayambira pa 4 kufika pa 20, ndipo anga adokotala anawaikira malire a 7 ndi 14. Ndinalipira pafupifupi ma rand 16,000 pamodzi ndi masiki, pa nthawi imene kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti ija ya November 2023. Ndinachita kuchotsa pa mpamba wa shopu.

Sabata ziwiri zoyamba ndinadana nawo. Mnyamata uja anandipatsa masiki yophimba mphuno ndi kamwa pamodzi osandiyeza nkhope, inali yaikulu, mpweya unkathawira m'maso usiku wonse n'kumalira ngati mluzu. Ndikaimanga kwambiri ndinkadzuka ndi chilonda pamwamba pa mphuno. Ma 2 koloko usiku ndinkaivula ndili m'tulo n'kuitaya pansi. Mimba inkadzaza mpweya, m'mawa n'kumageya ngati ndamwa Fanta zitatu. Ndinatsala pang'ono kuwaika pa Facebook kuti ndigulitse. Chinandipulumutsa ndi masiki ina yaing'ono ya pamphuno pokha imene achimwene anatumiza pa basi. Ngati pali langizo limodzi loti mutenge pa zonse ndalembazi, musachoke m'shopu musanayese masiki mutagona chagada, makina akuyaka. Makina okwera mtengo ndi masiki yolakwika n'chimodzimodzi osagula.

Pali batani la ramp limene limayambitsa mpweya motsika n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka utagona. Linandithandiza mwezi woyamba, pano ndinalithimitsa, ndimafuna mpweya wonse nthawi yomweyo. Phokoso lake ndi lochepa kuposa la fani. Mayi akunyumba akuti mausiku oyamba sankagona chifukwa cha bata, ankadzuka kudzandiika dzanja pachifuwa.

Buku la malangizo linalembedwera anthu a maiko ena, ndiye pali zina zimene mudzaphunzira nokha. Neti ya udzudzu: payipi iyenera kudutsa pansi pake, ndipo pamene yadutsapo pamatsala mpata. Ife tinamaliza n'kusoka kathumba m'mbali mwa neti kokhala ndi chingwe chomanga. Fumbi: kasefa kakumbuyo amati kamatha miyezi ingapo, koma mu September ndi October wa ku Lilongwe kamafiira pa sabata zitatu, gulani tambiri. Kuzizira kwa June ndi July: nthunzi imasanduka madzi m'payipi, umamva kuti khotokhoto, kenako dontho lozizira likugwera m'mphuno. Mayi akunyumba anasokera payipiyo chovala cha nsalu ya bulangete lakale, ndipo makina tinawatsitsa kuti akhale m'munsi kuposa mutu wa bedi. Vuto linatha. Madzi a m'kathanki amafuna distilled water, ine ndimagula ku famase. Nditayesa a pampopi, pansi pa kathanki panachita zoyera zolimba pa mwezi umodzi.

Chachikulu ndi magetsi. Akathima uli m'tulo, umadzuka ukukoka mpweya wolemera m'masiki, mtima ukugunda. Sungafe nazo, masiki ili ndi timabowo totulutsira mpweya, koma tulo timathera pomwepo. Ndinagula batire ndi ka inveta kakang'ono. Ndinaphunzira mochedwa kuti chimene chimadya magetsi kwambiri si injini yake koma chotenthetsera madzi. Ndikachithimitsa, batire imafika m'mawa bwinobwino, kungoti kukhosi kumauma. Mtengo wa batire muuwerengere pa mtengo wa makina kuyambira pachiyambi, musadzanamizidwe ngati ine. Muwerengerenso kamphira ka masiki, kamene kamafooka pakatha miyezi ingapo, ndipo ine ndimachita kuitanitsa kunja.

Za makina a kaunjika ndinene mwachidule. Alipo otchipa amene anthu amabwera nawo kuchokera kunja. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake mamiliyoni kuti abwezedwe chifukwa siponji yochepetsa phokoso imene inali m'kati inkatha kufumbutuka, munthu n'kumapuma tizidutswa take, ndipo kutentha ndi chinyezi zinkawonjezera vutolo. Musanagule akale, fufuzani nambala yake ngati sali m'gulu limenelo, ndipo onani maola amene agwira ntchito, amaonetsa pa sikirini ngati mileage ya galimoto.

Zotsatira pa tulo zinabwera msanga masiki itangokhala bwino. M'mawa uliwonse makina amaonetsa nambala, ndipo AHI yanga imasewera pakati pa 2 ndi 4. Madokotala amafuna kuti uzigona nawo maola osachepera 4 pa usiku, ine ndimafika 6 kapena 7. Kudzuka katatu kanayi kukakodza, kumene ndinkaganiza kuti ndi ukalamba kapena shuga, kunatsika kufika kamodzi. Mutu wa m'mawa unatha. Ndinayambanso kulota, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti chimachitika. Ndinayendetsa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu osatafuna chingamu, osatsegula windo, osadzitsina ntchafu. BP inatsikako pang'ono, mankhwala ndikumwabe. Ana akuti ndinasiya kukalipa zilizonse, ine sindikukumbukira kuti ndinkakalipa, koma anthu atatu sanganame chimodzimodzi.

Itakwana miyezi isanu ndi umodzi ndinapita kukayezetsa chiwindi ndili ndi chikhulupiriro chonse. ALT inali itasuntha pang'ono kwambiri, kosati n'kuuza munthu. Pojambula, mafuta ali pomwepo. Sikelo inati 109, ndawonjezera kilogalamu imodzi. Ndinakwiya, ndinauza adokotala zimene wogulitsa uja ananena. Anaseka pang'ono n'kuti, "Bambo, makina aja anachotsa chimene chinkamenya chiwindi usiku. Chimene chikuchimenya masana mukuchinyamula nokha kupita nacho kukamwa." Anandiuza za kafukufuku wa ku Hong Kong amene anatuluka mu 2021. Anatenga anthu okhala ndi mavuto awiri onsewa, ena anawapatsa CPAP yeniyeni, ena ya mpweya wochepa wosathandiza, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pomaliza, mafuta ndi zipsera za m'chiwindi sizinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Amene ziwindi zawo zinasintha ndi amene anatsika thupi. Anawonjezera kuti si zachilendo munthu kunenepako pang'ono atayamba CPAP. Wogulitsa uja sanandiuze zimenezi, kaya ankazidziwa.

Anandilembera manambala awiri pa kapepala. Kutsika thupi ndi magawo 5 pa 100 kumachepetsa mafuta m'chiwindi. Kutsika ndi 7 mpaka 10 kumachepetsa kutupa, ndipo kwa ena ngakhale zipsera zimabwerera m'mbuyo. Kwa ine zimenezo zinatanthauza makilogalamu pafupifupi 11.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo makinawa, chifukwa malangizo amenewa sanali atsopano. Ndinauzidwapo kangapo zaka za m'mbuyo kuti ndizichita majowajowa, ndichepetse nsima. Sindinkatha. Munthu amene wagona maola asanu ndi atatu koma wadzuka ngati wapunthidwa sangayende wapansi m'mawa. Pofika 10 koloko ndinkafuna shuga ngati mankhwala: tiyi wa masipuni anayi, mandasi atatu, masana tchipisi cha pa chiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ma 3 koloko botolo lina kuti maso atseguke. Sindinkadya chifukwa cha njala, ndinkadya kuti ndisagwe. Tulo titabwerera, chilakolako chija chinachepa chokha, kungoti ine ndinapitiriza kudya mwachizolowezi. Ndiye pamene ndinaganiza zosintha, ndinapeza kuti mphamvu yosinthira ilipo, imene kale kunalibe.

Sindinachite zodabwitsa. Ndimadzuka 5 koloko n'kuyenda mphindi 40 galimoto zisanachuluke. Zakumwa za shuga ndinasiyiratu, pamodzi ndi Sobo amene sankasowa mu fuliji, ndipo adokotala anati shuga wa m'zakumwa ndi amene chiwindi chimafulumira kumusandutsa mafuta. Nsima kuchoka pa mitanda inayi kufika iwiri, ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, usipa. Kanyenya wa Loweruka anatsala wa kamodzi pa mwezi. Khofi wopanda shuga anandilola, akuti kwa chiwindi ndi bwenzi. Anandichenjezanso za mtedza ndi chimanga cha chuku chifukwa cha poizoni wa aflatoxin, ndi za mankhwala a m'mabotolo "otsuka chiwindi" amene amagulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp. Mlamu wanga anandibweretsera botolo limodzi la malita awiri, lakuda bii, lopanda chizindikiro. Ndinathokoza mwaulemu, lili m'galaja mpaka lero.

Chovuta kwambiri sichinali njala koma pakamwa pa anthu. Ukatsika thupi kwathu kuno anthu sakuyamikira, amakuyang'ana mwachisoni. Amayi anga kumudzi ananditengera pambali n'kuti, "Mwanawe, undiuze zoona, ukudwala chiyani?" Kasitomala wina anafunsa mnyamata wanga wa m'shopu ngati bizinesi yagwa.

Mwezi watha sikelo inati 97. ALT yabwerera m'malire ake. Ndili ku Johannesburg ndinapangitsa FibroScan, imene amagunditsa kachipangizo pakati pa nthiti za kumanja kuti ayeze kulimba kwa chiwindi ndi kuchuluka kwa mafuta, yosapweteka, ya mphindi zochepa. Anati mafuta alipobe koma ochepa, ndipo palibe chizindikiro cha zipsera zoopsa. Chimene sindinayembekezere n'choti makinawo ayamba kukankha mpweya wochepa kuposa kale. Poyamba ankakhala pa 12 nthawi yambiri, pano pa 9. Khosi latsika kufika masentimita 41, ndipo mafuta a m'khosi ndi lilime akachepa njira imatseguka mosavuta. Adokotala akuti ndikatsikanso tidzabwereza kuyeza tulo, koma ndisasiye makina pandekha.

Ena andifunsa za jakisoni wochepetsa thupi. N'zoona kuti ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza jakisoni wa tirzepatide mu December 2024 kuti azithandizira anthu onenepa obanika kutulo, ndipo mu March chaka chomwecho linavomereza mapiritsi a resmetirom a chiwindi cha mafuta chimene chayamba zipsera. Mitengo yake si ya wogulitsa ma brake pad ku Area 25, ndiye sindinapite nazo patali.

Kodi ndingauze munthu kuti agule? Ngati mwayezetsa ndipo nambala yanu ndi yokwera, ngati mumasinza pa chiwongolero, ngati akunyumba amakugwedezani usiku, gulani, ngakhale zitatengera kugulitsa china chake. Musagule musanayezetse, chifukwa si mkonono uliwonse umene uli kubanika, ndipo mphamvu ya mpweya iyenera kuikidwa ndi wodziwa. Ngati anakupezani ndi mafuta m'chiwindi pamene mowa simumwa, pemphani kuti akufunseni za tulo. Ngati anakupezani ndi vuto la tulo, pemphani kuti ayeze chiwindi, chifukwa sichipweteka mpaka zinthu zitafika patali. Koma wina akakuuzani kuti kabokosi aka katsuka chiwindi inu mukupitiriza mitanda inayi ndi Fanta, m'funseni ngati angabweze ndalama pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Pali malo amodzi amene sindinapezebe nzeru yake, ndipo ndi pa maliro. Sungafike pa siwa ndi batire ndi payipi ngati wabwera kudzawotcherera geti. Mwezi wa May tinataya amalume ku Dowa, ndinagona masiku awiri opanda makina. Usiku woyamba ndinakhala tsonga pa mpando mpaka kucha. Wachiwiri tulo tinandigonjetsa, ndipo m'mawa ndinadzuka ndi mutu uja wakale, kukamwa kouma gwa, anzanga atasamukira kuseri kwa nyumba. Msuweni wanga wina anatsala pafupi, akusonkha moto. Anati mkonono wachepako poyerekeza ndi kale, koma anawerenga kasanu pamene ndinangoti zii. Kenako anafunsa, motsitsa mawu kuti ena asamve, kuti kuyezetsa kuja ndi ndalama zingati, chifukwa akazi ake nawonso ayamba kumugwedeza.